Kabichi Pakhosi pa Namwino

Apongozi anga anabwera kudzakhala nafe ku Croydon chaka chimene amuna awo anamwalira. Anachokera kumudzi wina wa m'mapiri a ku Serbia, komwe bambo a kunyumba kwanga anabadwira. Anafika atavala zakuda kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ali ndi masutikesi awiri. Ina inali ya zovala zaubweya, inayo ya mabotolo okulungidwa m'zovala zaubweya. Inali nyengo yotentha, ndipo chaka chimenecho London inatentha mpaka udzu wa m'mapaki unauma ngati wa kwathu mu Okutobala.

Ine ndine namwino. Ndinaphunzira kwathu ku Malawi, ndinagwirako ntchito zaka zingapo, kenako ndinabwera kuno. Nthawi imeneyo ndinkagwira mu wodi ya okalamba pachipatala china cha kumwera kwa mzindawu. Bambo a kunyumba ndi okonza magetsi, munthu wofatsa, wosakonda mikangano. Pa zaka zonse zimene tinakhala awiriwiri sanandiuzepo za promaya. Ndinkangoona kuti ndikatsekula windo, iwo amadzuka mwakachetechete n'kukatseka chitseko, ndipo ndinkaganiza kuti ndi khalidwe lawo chabe.

Promaya ndinaidziwa tsiku loyamba lomwelo. Apongozi atangolowa m'nyumba, asanakhale n'komwe, anaima pakati pa balaza n'kukweza chala m'mwamba ngati munthu amene wamva kulira kwa mwana patali. Kenako anapita kukhitchini kukatseka windo, anabwerera kudzatseka la pabalaza, n'kulankhula kwa mwana wawo mawu ambiri mofulumira.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti m'nyumba muno muli promaya," anayankha bambo a kunyumba akuyang'ana pansi.

Anandifotokozera kuti promaya si mphepo wamba. Mphepo ya panja, ngakhale yogwetsa mitengo, ilibe vuto. Yoopsa ndi imene imalowera windo lina n'kukatulukira lina, kapena pakhomo. Ikakupeza pakati imakuumitsa khosi, imakupotoza nkhope, imakuwononga impso, ndipo ikafuna imakupha. Kwawoko anthu amene anapulumuka nkhondo amaopa promaya. Apongozi aamuna, malinga ndi akazi awo, inawatenga ndi yomweyo. Ndinadziwa kuti malemuwo anali okalamba kwambiri ndiponso ankasuta fodya ngati uvuni wa njerwa, koma kwathu sitinaphunzitsidwe kutsutsa apongozi, ndiye ndinangoti pepani.

Malamulo ena anabwera pang'onopang'ono. Osayenda opanda nsapato pamatailosi. Osatuluka panja tsitsi lili lonyowa. Osamwa madzi a mufiriji. Osakhala pasitepe ya simenti, chifukwa mkazi akatero chiberekero chimazizira. Chingerezi chawo chinali cha mawu ochepa, ine chinenero chawo ndinkangodziwa moni ndi zikomo, choncho malamulowa ankafika ndi manja. Ndikaima pasinki ndinkangomva munthu wandigwira kakolo, kuyang'ana pansi n'kupeza gogo wa zakuda atagwada akundiveka masilipasi aubweya. Ndinkachita manyazi kwambiri, chifukwa kwathu wogwada ndi mpongozi wamng'ono, osati wamkulu.

Kunja ndiye kunali kovuta. Tsiku lina tinakwera tiramu, kasitima kamene kamayenda mumsewu wa Croydon, kupita kumsika. Munali modzaza, anthu thukuta lili kamukamu, timawindo ta m'mwamba tili totsekula mbali zonse. Apongozi anadzuka pampando, anadutsa pakati pa anthu, anatambasula dzanja pamwamba pa mutu wa bambo wina wa tayi, n'kutseka kawindo. Anapita pa kena n'kutsekanso. Anthu a kuno sakonda kulankhula m'galimoto, amangoyang'ana. Onse anayang'ana gogoyo, kenako anayang'ana ine amene ndinanyamula chikwama chake. Ndinatulutsa foni n'kuyamba kuwerenga mauthenga akalekale mpaka tinatsika.

Nkhani zimenezi ndinkakazifotokoza kuntchito nthawi ya tiyi. Mnzanga wina wa ku Lusaka, namwino ngati ine, ankaseka mpaka misozi, ndipo m'mawa uliwonse ankandifunsa kuti mphepo yapha angati kunyumba kwanu.

Sabata ina kutentha kunafika poipa. Ndinaweruka masana, mutu ukuwawa, msana utatopa ndi kutembenuza odwala. Apongozi anali atapita ndi mwana wawo kukagula zinthu. Ndinasamba, ndinachapa tsitsi, ndinatsekula windo la kuchipinda, la kukhitchini, la kubafa, zitseko zonse ndinazisiya pululu, ndinayatsanso fani. Ndinagona pabedi tsitsi lili chinyowere, mphepo ikudutsa pathupi panga, ndipo ndinamva kukoma kumene ndinali nditakuiwala.

Podzuka khosi linali litauma. Mutu unapendekera kumanzere ndipo sunkafuna kubwerera. Ndikayesa kuwongola, ululu unkathamanga kuchokera kukhutu mpaka paphewa. Monga namwino ndinadziwa chimene chinachitika: ndinali nditakoka mnofu pokweza wodwala wina wolemera m'mawa, kenako n'kugonera pilo mokhota. Koma pakhomo la chipinda panali pataima apongozi, majumbo ali m'manja, akuyang'ana windo, fani, tsitsi langa ndi khosi langa, chimodzichimodzi. Anaika majumbo pansi, anazimitsa fani, anatseka mawindo onse, n'kukatenga foni.

Ndinkaganiza kuti akuimbira dokotala, koma ankaimbira abale. Pasanapite nthawi ndinali nditakhazikidwa pampando wa kukhitchini, foni ili patsogolo panga, nkhope za anthu zili mbwee pagalasi. Munali mchemwali wawo wa kumudzi, mwana wa mchemwaliyo amene amakhala ku Germany, mlamu wina amene anali pathirakitala, ndi gogo wina woyandikana nawo nyumba amene sindinadziwe chifukwa chake anamuitana. Apongozi ankayendetsa foni kuzungulira khosi langa kuti aliyense aone bwino. Onse ankalankhula nthawi imodzi, ndipo mawu okhawo amene ndinkamva anali promaya.

"Auzeni kuti ndakoka mnofu kuntchito," ndinapempha bambo a kunyumba.

Iwo ananena mawu pang'ono. Kunamveka kuseka kuchokera pathirakitala.

"Akuti chiyani?"

"Akuti madokotala nawonso amatero."

Bwalo linagamula kuti mankhwala ake ndi rakiya ndi kabichi. Rakiya ndi mowa wa m'mabotolo aja, wotcheza kumudzi kuchokera ku zipatso, wooneka ngati madzi koma waukali kuposa kachasu. Kwawoko amamwa pa ukwati ndi pa maliro, amatsukira mabala, amapaka pachifuwa, ndipo ndikuganiza kuti atasowa mafuta angathire m'thirakitala. Ine mowa sindinaulawepo. Ndinakulira m'banja la mpingo, ndipo ku Croydon ndinali mlembi wa gulu la amayi a kutchalitchi kwathu.

Ndinali nditakonzeka kukana mwaulemu. Koma apongozi akufewetsa tsamba la kabichi poligudubuza ndi botolo patebulo, anayamba kulankhula motsitsa, osayang'ana munthu. Bambo a kunyumba anamasulira motsitsanso.

"Akuti bambo atadwala anapempha kuti awatsekulire windo, akuti akubanika. Mayi anakana masiku angapo, kenako anawamvera chisoni n'kutsekula. Chitseko chinali chotsekula. Sabata yomweyo bambo anapita."

Ndaonapo anthu ambiri akumwalira, ndipo ndikudziwa kuti otsala amafunafuna pamene analakwitsa ngakhale palibe. Ndinayang'ana manja a gogoyo, okhakhala, ndipo ndinangoweramitsa phewa. Anafunditsa rakiya m'kapoto, ananyika kansalu, anakaika pakhosi panga, pamwamba pake tsamba la kabichi, n'kumanga zonse ndi mpango waubweya. Ndinene zoona, kunkamveka bwino. Kutentha kuja kunalowa mpaka m'kati, ndipo ndinagona tulo.

M'mawa mwake ndinali pa shifiti yoyambirira. Khosi linali likadali lopendekera, koma wodi inali yoperewera anthu, ndipo sindikanatha kujomba. Ndikuvala, apongozi analowa ndi kapoto kawo. Ndinayesa kuwaonetsa wotchi ndi yunifomu, iwo anangogwedeza mutu n'kundimanga kachiwiri, ulendo uno mowa wake wochuluka kuti ufike madzulo. Ndinati palibe kanthu, ndikachotsa ndikafika.

Ndinachotsadi. M'chipinda chosinthira zovala ndinamasula mpango, ndinataya kansalu m'bini, ndinapukuta khosi ndi pepala lonyowa. Tsamba la kabichi sindinalione, ndiye ndinaganiza kuti lagwa panjira. Chimene sindinadziwe n'chakuti mphuno yanga inali itazolowera. Mowa unali utalowa m'tsitsi, m'kolala, m'kamisolo, mwinanso m'khungu.

Pa nthawi yopatsirana odwala ndinaona kuti anzanga akuima patali pang'ono. Mnzanga wa ku Lusaka anandikokera pambali n'kundifunsa m'kalankhulidwe ka kwawo.

"Sisi, mwamwako chani kuseni kuno? Mununkha maningi."

"Ndi mankhwala a khosi," ndinanong'ona.

"Mankhwala ya bwanji yamene yanunkha monga shabini?"

Ndisanayankhe belu linalira, ndipo ndinapita kukathandiza gogo wina wachizungu amene ankafuna kukhala tsonga. Nditamuweramira anakoka mpweya, nkhope yake inawala, n'kunena mokweza kuti ndikumukumbutsa malemu mwamuna wake Loweruka madzulo. Wodi yonse inamva. Mwana wa wodwala wina, amene anabwera kudzaona bambo ake, anandiyang'ana kuyambira kumutu wopendekerawo mpaka kumapazi, n'kutuluka kupita ku ofesi.

A manijala a wodi yathu anali mayi wachizungu wolankhula mofatsa, amene sanandikalipirepo. Anandiitana, anatseka chitseko, n'kundipempha kuti ndikhale. Ndinayenda kupita pampando mutu uli chammbali, dzanja likufufuza pogwira chifukwa sindinkatha kuyang'ana pansi. Ndikaganiza lero, ngakhale ine ndikanamuona munthu akuyenda choncho ndikanati waledzera.

"Ndikufunsani funso, ndipo musalitenge molakwika," anatero. "Kodi mwamwa mowa musanabwere kuntchito?"

Pa moyo wanga wonse palibe amene anandifunsapo funso limenelo. Ndinayamba kufotokoza, koma nkhaniyo inkatuluka mopanda mutu. Ndinati sindinamwe, mowawo uli kunja kwa thupi osati m'kati. Ndinati apongozi anga ndi a ku Serbia. Ndinati ndinatsekula mawindo atatu. A manijala ankangogwedeza mutu pang'onopang'ono, mmene timachitira ndi odwala amene asokonezeka.

"Mukuti mphepo," anatero.

"Ine sindikuti mphepo. Iwo ndi amene akuti mphepo. Ine ndikuti mnofu."

"Koma munalola kuti akuthireni mowa."

"Ndi apongozi anga."

Ndinaimirira kuti ndiwaonetse pakhosi pamene panafiira. Ndikukoka kolala, ndinamva chinthu chozizira chikutsetsereka pamsana, chinadutsa m'chiuno, n'kutulukira pansi pa yunifomu. Tsamba la kabichi linagwera pakapeti pakati pa ine ndi a manijala, lofota, lonyowa, lalikulu ngati mbale. Tonse tinaliyang'ana. Sindikanatha kuwerama kuti ndilitole, choncho anatola ndi iwo, ndi zala ziwiri, n'kuliika pakapepala patebulo lawo.

Anandiuza kuti akundikhulupirira, koma popeza wachibale wa wodwala wadandaula, lamulo likufuna kuti ndiyezedwe ndiponso ndisabwerere ku wodi tsiku limenelo. Anandiperekeza ku chipinda china kumene namwino wamng'ono, mtsikana amene ndinamuphunzitsapo ntchito, anandipatsa kachipangizo kopumiramo, konga kamene apolisi amayezera madalaivala. Mtsikanayo sanandiyang'ane m'maso. Kachipangizoko kanaonetsa kuti m'thupi mwanga mulibe mowa, koma kufikira lero ndikakumana naye m'khonde ndimafulumiza mwendo.

Anandiuza kuti ndiitane munthu adzanditenge. Ndinaimbira bambo a kunyumba n'kuwapempha kuti abwere okha. Anabwera ndi mayi awo.

"Anakana kutsala," anandinong'oneza. "Akuti mlandu ndi wawo."

Apongozi analowa mu ofesi ya a manijala ndi zakuda zawo, chikwama chili pamkono. Windo la mu ofesimo linali lotsekula, chitsekonso chimodzimodzi, ndiye asanapereke moni anapita kukatseka windolo. Kenako anakhala pampando umene sanapatsidwe, anatsekula chikwama, anatulutsa botolo n'kuliimika patebulo pafupi ndi tsamba lija. Analankhula nthawi yaitali, dzanja lili pachifuwa. Bambo a kunyumba ankamasulira thukuta likutsika.

"Akuti mpongozi wawo samwa, ndipo ndicho chilema chake chokha. Akuti mowawu anatcheza ndi malemu bambo, mulibe chilichonse choipa. Akuti mulaweko kuti mutsimikize."

A manijala anathokoza n'kukana. Apongozi anapitiriza, akuloza kukhonde.

"Akuti chiyani?" anafunsa a manijala.

Bambo a kunyumba anandiyang'ana ngati akupempha chilolezo. Ine ndinali nditatsamira khoma, ndikupemphera kuti pansi patseguke.

"Akuti podutsa aona okalamba atagonekedwa pakati pa mawindo otsekula. Akuti n'chifukwa chake sakuchira."

Sindikudziwa kumene a manijala anapeza mphamvu yosaseka. Anayankha mwaulemu kuti aganizirapo. Apongozi anakhutira, anatenga botolo lawo, anatenganso tsamba la kabichi n'kulikulunga m'kapepala. Potuluka tinadutsa pakati pa wodi, iwo patsogolo akugwedezera mutu odwala ngati nduna yoyendera chipatala, ine pambuyo mutu uli chammbali. Anzanga onse anapeza chochita m'makabati. Mnzanga wa ku Lusaka yekha ndi amene ndinamuona mapewa akugwedezeka kuseri kwa katani.

Tinakwera galimoto kubwerera kunyumba. Titafika apongozi anandiphikira msuzi wa nkhuku n'kukhala pambali panga mpaka ndinamaliza. Ndinkafuna kukwiya, koma sindinapeze poyambira. Munthuyo anali atakwera galimoto kukanditeteza pamaso pa akuluakulu m'dziko limene sadziwa chinenero chake.

Khosi linawongoka patapita masiku ochepa, monga makosi amachitira. Foni inazunguliranso abale onse, ndipo wa pathirakitala anatumiza uthenga woti tsopano ndaphunzira. Kuntchito ndinabwerera, nkhani inatsekedwa, koma dzina linatsala. Mpaka pano anamwino akale a wodi ija amanditchula Sisita Kabichi, ndipo atsopano amaganiza kuti ndimakonda ndiwo zamasamba.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti pachipatala paja pamagwira ntchito Amalawi ena. Nkhani inatuluka pageti ilibe kabichi, ilibe khosi, ilibe apongozi. Inangotsala yakuti mlembi wa amayi anamubweza kuntchito akununkha mowa m'mawa, ndipo anachita kudzamutenga amuna ake. Lamlungu nditalowa m'holo imene timapemphereramo, amayi anandipatsa moni wa manja awiri, wofatsa kwambiri, wonga wa pamaliro. Mayi wina wamkulu, amene timamulemekeza tonse, anandigwira dzanja nthawi yaitali.

"Mwana wanga, dziko lino ndi lozizira, ndipo anthu amasungulumwa," anatero. "Ukakhala ndi zokuvuta uzibwera kwa ife."

"Amayi, sizili choncho. Anali mankhwala."

"Onse amayamba choncho, mwana wanga."

Pa nthawi ya mapembedzero mayi yemweyo anaimirira n'kupempherera mabanja, odwala, ofuna mapepala okhalira m'dziko lino, kenako onse amene amangidwa ndi chakumwa chaukali, makamaka amayi, makamaka amene ali ndi maudindo. Sanatchule dzina. Ndinangomva manja awiri kapena atatu akutera pamsana panga kuchokera kumbuyo, ndipo ameni wake anali wamphamvu kuposa masiku onse.

Ndinayesa kufotokoza pa msonkhano wa amayi wotsatira. Ndinanena zonse mwadongosolo, kuyambira mawindo mpaka kachipangizo kopumiramo. Anandimvetsera mwachifundo. Nditamaliza, wina anafunsa kuti ngati zili choncho, botololo likadali m'nyumba mwanga? Ndinavomera kuti lilipo, ndipo si limodzi. Anayang'anizana, ndipo wapampando anati tipitirire ku nkhani ya yunifomu za kwaya.

Apongozi anabwerera kwawo masamba atayamba kugwa, akuti kukakonzekera chikumbutso cha amuna awo. Pabwalo la ndege anandipsompsona masaya katatu monga amachitira kwawo, anandikoka kolala ya jekete kuti itseke bwino, n'kunena mawu amene bambo a kunyumba anamasulira kuti ndine mwana wabwino koma wosamva. Udindo wa ulembi ndinapitiriza chaka chimenecho mpaka chisankho, pamene amayi anagwirizana kuti ndipumuleko kaye.